Ndazipeza zolemba zakale zoyerekeza mahedifoni aja

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lija. Ndinkafuna zolemba zakale zoyerekeza mahedifoni a Sennheiser HD 600 ndi HD 650, chifukwa bambo wina kuno ku Mzuzu akugulitsa onse awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, koma tsamba limene ndinkalidalira linatsekedwa.

Ndinatsatira malangizo a achimwene amene anati ndiyese Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, lomwe lakhala likusunga masamba a pa intaneti kuyambira 1996. Mukalowa pa web.archive.org n'kulemba adiresi ya tsamba lotayikalo, pamatuluka kalendala yokhala ndi timadontho pa masiku amene tsambalo linasungidwa. Timadontho tabuluu ndito todalirika, pomwe tobiriwira timakutumizani ku adiresi ina. Chimene chingathandize anzanga n'chakuti zithunzi za miyeso ya mawu sizituluka nthawi zonse, choncho zikasowa muziyesa tsiku la chaka china, makamaka cham'mbuyo, popeza ine ndinazipeza mwa njira imeneyi.

Zolembazo zikugwirizana kuti HD 650, yomwe inatuluka mu 2003, ili ndi besi yochulukirapo kuposa HD 600 ya mu 1997, choncho ndasankha HD 600 chifukwa ndimamvetsera mawu a kwaya yathu tikajambula. Onse awiri ndi a 300 ohms, kutanthauza kuti amafuna mphamvu yamagetsi yochulukirapo kuti alire mokweza, ndipo pa foni yanga mawu akutuluka otsika, moti pafunika kaampulifaya, kachipangizo kokwezera mawu. Muyang'anenso zinkhupule za m'makutu musanalipire, chifukwa zikaphwa mawu amasiyana ndi amene olembawo anayeza.