Obwera akachuluka, kodi eni dziko amasiya kufuna thandizo la boma?

Nachi_98: Abale ndithandizeni, ndili ndi asainimenti ya political science yopereka Lachisanu mutu waima. Alekichala atipatsa za Alesina ndi Glaeser za 2004, akuti chifukwa chimodzi chomwe thandizo la boma ndi lochepa ku America kusiyana ndi ku Europe ndi nkhani ya mitundu, azungu ambiri safuna misonkho yawo izikathandiza anthu akuda. Ndiye ndimayesa ku Europe nakonso obwera akachuluka anthu azingoti welfare (thandizo la boma lija) ithe basi, koma ndikuona zipani za far right zodana ndi obwera zomwezo zikulonjeza penshoni ndi zipatala. Zikuyenda bwanji apa?

Mkulu_wa_Aarhus: Chemwali mwagwira pomwe pali nkhani. Ku Europe anthu sanadane nayo welfare, angosintha funso, pano akufunsa kuti adye nawo ndani. Dzina lake ndi welfare chauvinism, analitchukitsa ndi Andersen ndi Bjørklund mu 1990 polemba za zipani za ku Denmark ndi Norway. Kale zipanizi zinali zodana ndi misonkho, ngakhale Jean-Marie Le Pen ku France m'ma 1980 ankafuna boma lichepe, koma zipanizi zitaona kuti ozivotera ambiri ndi anthu a m'mafakitale ndi okalamba odalira penshoni zinatembenuka, mwana wa Le Pen, Marine, mpaka analonjeza kupuma ntchito pa zaka 60 bola zonse ziyambire kwa Afalansa. Kuno ku Denmark Dansk Folkeparti, chipani cha far right, inkachirikiza boma kuyambira 2001 osalowamo mu kabineti, mu 2002 kunabwera starthjælp, ndalama yochepa kwa amene sanakhale m'dzikomo zaka 7 pa zaka 8 zapitazo. Mu 2015 Folkeparti inapeza mavoti 21%. Chimene chimandisowetsa mtendere ine ndi 2019, a Social Democrats a Mette Frederiksen anangowalanda mfundo zawo zokhwimitsa zinthu kwa obwera, Folkeparti inagwa kufika 8.7%. Chipani chinaluza koma mfundo zake zinalowa m'boma.

CarerWaLeeds: Zoona izi. Ine pa visa yanga kuno ku UK palembedwa no public funds, koma tax ndi National Insurance amadula mwezi ndi mwezi osaphonya, agogo awo tikuwasambitsa ndife kkkk. Ndipo basi ya Brexit mu 2016 sinanene kuti tithetse NHS (zipatala za boma za kuno) ayi, inati £350 million pa sabata ipite ku NHS.

Achimwene_Joni: Musamayese ndi za azungu zokha. Kuno ku Johannesburg a Operation Dudula, gulu lodana ndi obwera, akhala akuima pa mageti a ma kiliniki kufunsa ma ID, chonsecho Constitution pa section 27 imati aliyense, sinati nzika yokha. Amene akuthamangitsa ndi amene akuthamangitsidwa onse ndi akuda, onse ndi amphawi, ndiye za khungu zija sizikwanira kufotokoza, apa ndi mzere wautali pachipatala ndi mankhwala ochepa.

Nachi_98: Zikomo kwambiri nonse. Koma achimwene a ku Joni, ku Denmark mankhwala sasowa koma zachitikabe, ndiye umphawi nawonso pawokha sukukwana. Ndilemba za Denmark, South Africa ndiyiika kumapeto ngati funso. Aaa komanso Bjørklund ka o kodulidwa pakatika mumakalemba bwanji pa foni?