Ndithandizeni abale, chibwenzi cha pa foni chandisowetsa tulo

Membala wobisa dzina: A admin ndibisireni dzina chonde. Ndine mayi wa zaka 29, ndimagulitsa mpunga ndi usipa ku Kamuzu Road kuno ku Salima. Mwezi wa Febuluwale ndinadziwana ndi abambo ena pa Facebook pompano. Anandiyankha pomwe ndimadandaula za mtengo wa feteleza, kenako tinayamba kucheza pa WhatsApp. Amati kwawo ndi ku Benga ku Nkhotakota, koma ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Abale, ine mwamuna wondifunsa kuti mwadya, mwana wadzuka bwanji, sindinamuonepo chibadwire. Bambo ake a mwana wanga anapita ku Dwangwa kukadula nzimbe, mpaka lero ngakhale sopo. Koma awa 5 koloko m'mawa voice note imakhala yafika kale. Foni yangayi galasi linasweka, pakona panada bii, komabe ndimabwereza mauthenga awo mpaka moto kutha, ndipo ndimakatchajitsa kwa ometa chifukwa alandilodi athu amatolera ya mayunitsi koma magetsi osagula.

Vuto lina ndi alamu anga. Anatenga foni ndili kubafa, kuwerenga zonse nkukauza mayi. Pano mayi akungondiyang'ana ndi diso lofiira. Alamu omwewa anatenga ndowa ziwiri za mpunga pangongole mu Meyi, sanabweze, koma pakamwa mbwee.

Ndiye Lachiwiri nambala yachilendo inanditumizira chithunzi cha abambowa ali ndi mayi wina ndi ana awiri, pansi palembedwa kuti "siyani banja la eni". Nditawafunsa anati ndi mlongo wawo, pali anthu ansanje chabe. Akuti Disembala akubwera kudzaonekera kwathu, katundu watsogola kale, kwangotsala zochepa zoti ndithandizepo. Ndimawakonda, sindinama. Ndimvere ndani?

Nabanda wa ku Khombedza: Achemwali, "zochepa zoti muthandizepo" ndi chiyani? Ndalama? Zingati? Nanga munayamba mwaonana nawo pa video call?

Mkulu wa pa Chipoka: NDANENA KALE PA GULU PANO. Azimayi a masiku ano mukangomva kuti Joni mitu imazungulira. Anyamata akugwira ntchito ku Senga Bay kuno, asodzi, akabaza, simuwayankha moni. Koma wa pa chithunzi atatsamira galimoto ya bwana wake ndiye mpaka kusala tulo!

Mayi a Tadala: Inu a Chipoka, munthu wabwera ndi misozi inu mukumukalipira. Wanena kuti amafuna ndalama zawo? Wanena kuti amamufunsa za mwana. Werengani kaye.

Mkulu wa pa Chipoka: Kufunsa za mwana nkwaulere mayi, bandulo ya WhatsApp yokha basi. Ngakhale ine ndikhoza kufunsa azimayi khumi m'mawa umodzi kuti mwadzuka bwanji.

Wa kabaza wa pa Lifuwu: Ndiye mwaulula nokha achimwene 😂

Ejenti wa Mpamba: Ine ndimakhala pa kauntala tsiku lonse, nkhani zotere ndimaziona ndi maso. Mayi amabwera atamanga ndalama pa chitenje, akuti ya kasitomu, katundu wagwidwa pa boda ya Mwanza. Sisi, onani zinthu ziwiri. Nambala yomwe mumacheza nayo ikuyamba ndi +27 ya ku South Africa kapena +265 yathu? Nanga yomwe akuti mutumizeko ndalama ndi ya ndani? Kuyambira 2018 simukadi imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndiye uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umaonetsa dzina la wolandira. Likakhala lina osati lawo, dzifunseni. Komanso wa ku Joni ndi amene amatumiza kuno pa Mukuru, osati inu ogulitsa usipa kutumizira iye.

Naphiri: Ine zinandionekera chaka chatha. Wanga ankati ndi msilikali ali kunja. Miyezi isanu ndi umodzi tikupemphera limodzi pa foni usiku, mavesi kutumizirana. Ndinagulitsa mbuzi zitatu. Tsiku lomwe ndinati ndione nkhope, kamera akuti yafa. Mawa lake wandibuloka. Chomwe chimandiwawa si mbuzi ayi, koma kuti ndinamuuza za maliro a mwana wanga, zomwe sindinauzepo munthu aliyense.

Mkulu wa pa Chipoka: Mwamva? MBUZI ZITATU. Makolo athu ankafunsira mbeta pamaso, ankhoswe nkukhala pa mphasa. Pano chinkhoswe chikuchitikira mu inbox.

Mphunzitsi wa ku Linga: Musanyoze zonse a Chipoka. Ine akazi anga ndinawapeza pa Facebook, pano tili ndi ana awiri. Kusiyana kwake nkwakuti mwezi wachiwiri ndinakwera minibasi kukawaona, wachinayi amalume anapita. Foni imangoyambitsa nkhani. Ndipo chithunzi chomwe mwalandiracho musachikhulupirire msanganso, zithunzi anthu amaba pa mawolo a eni. Mwina nkhope yomwe mumaidziwayo si ya amene mumayankhula naye nkomwe, ndipo mayi wakutumizirani uthengayo akulondola mwamuna wake weniweni.

Mkulu wa pa Chipoka: Aphunzitsi inu munachita mwayi. Mmodzi kupulumuka pa ngozi sindiye kuti msewu ndi wabwino.

Mayi a Tadala: Koma alamuwo andinyansa. Foni ya munthu ndi ngati chikwama, sungapisemo dzanja. Ikani pasiwedi achemwali, ndipo mpungawo akubwezereni.

Mayi Mvano: Mwanawe gwada upemphere. Ngati alidi ndi banja, misozi ya mkazi mnzako siigwa pachabe.

Nabanda wa ku Khombedza: Benga si kutali, ndi msewu wa M5 womwewu. Afunseni mudzi, mfumu yawo ndi dzina la amalume awo, mutume achimwene anu akafufuze. Munthu wofunadi banja sabisa kwawo. Ndipo mauthenga onse musafufute, akakhala wakuba mudzawafuna kupolisi.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Chipoka, ine sindinatsate ndalama, bizinesi yanga imandidyetsa. Za alamu mwanenadi zoona Mayi a Tadala, dzulo anabweranso kudzapempha mchere ngati palibe chinachitika. Abambowa andiimbira usiku, analira, akuti ndikawakayikira adzadwala. Mtima wanga ukundiwawa kwambiri.

Nabanda wa ku Khombedza: Anaimba ya mawu kapena ya video? Achemwali mukundizemba. Mwatumiza kale zingati?

Mkulu wa pa Chipoka: Sayankha ameneyu. Watumiza.

Ejenti wa Mpamba: Sisi, ngati simukufuna kunena pagulu palibe kanthu. Koma lero musatumize kalikonse, muyambe mwaona dzina lija.