Starter ya m'mafuta ya lathe yakale, tithiremo chiyani?

Yamikani: Akuluakulu, ndithandizeni. Pomwe ndikugwira ku Booysens, kuno ku Joni, pali lathe (makina osemera zitsulo) yakalekale, mota ya 7.5 kW, starter yake ndi ija ya star-delta yokhala m'thanki ya mafuta. Ndatsitsa thankiyo lero, mafuta ali bii, pansi pali matope, ma contact awiri adyeka. Abwana akuti ndingothiramo oyilo wa galimoto, 20W-50 alipo kale. Nditero?

A Phiri: Usayerekeze mphwanga. Wa galimoto ngolemera ndipo amamuikamo mankhwala ena. M'mawa wa mu June kuno ku Joni amachita kugwirana ngati uchi, ma contact azichedwa kulekana, moto n'kumakhalitsa pakati pawo. Pamafunika transformer oil. Ndi amene amazimitsa arc, moto wodumpha pakati pa ma contact uja, n'kuziziritsa kopa. Kudako ndi kaboni wa arc yomweyo.

Che Jafali: Ine nkhawa yanga ili pa matopewo. Madzi amalemera kuposa mafuta, ndiye amakabisala pansi. Tungani apansiwo m'botolo loonekera mkati, agone usiku, mawa muona mzere. Zinandionekera ku Selby, lata linkadonthera pa starter penipeni, mvula ya mu December ikangogwa breaker nayo pansi. Masiku atatu ndikunamizira mota yosalakwa.

Yamikani: Nanga ndikasefa omwewa pa nsalu?

A Phiri: Nsalu igwira zinyalala, madzi adutsa. Oyeza mafuta amasiya mpata wa 2.5 mm pakati pa zitsulo ziwiri zomizidwa m'mafutamo n'kumakweza magetsi, ndipo m'mafuta atsopano magetsiwo sayenera kuboola asanafike 30 kV. Koma pa timalita tako tochepato, ingogula atsopano.

Gift: Madala, bwanji angogula contactor yatsopano n'kuiviika m'thanki momwemo? Fumbi la grinder silingaipeze.

A Phiri: Zamasiku ano anazipangira mpweya, ukaziviika zimatseguka mwaulesi. Ngati n'kusintha, asinthe zonse, ma contactor, timer ndi overload, m'bokosi la IP65, losalowa fumbi ndi madzi othovokera.

Achemwali Chisomo: Achimwene, akalewo musawataye mu dreni kapena kuwotcha. Simudziwa amene ankawonjezeramo zaka zonsezi, mwina anatunga mu transformer yakale ya PCB, mankhwala apoizoni amene ankaikidwa m'mafuta akale. Valani magolovesi, tsekerani m'chigubu apite kwa otolera mafuta akutha.

Yamikani: Botolo lagona, Che Jafali munanena zoona, madzi ali pansi ngati chala chimodzi. Abwana ndawaonetsa, angoti "eish" n'kutulutsa ndalama.

A Phiri: Tseka isolator ndi loko, kiyi m'thumba mwako. Thanki iume kaye. Ma contact upale ndi fayilo yosalala, osati emery, imasiya mchenga. Odyeka kwambiriwo tumiza chithunzi, mwina ndili nawo m'bokosi langa.