Mwana wothamangira mlendo aliyense: ndi kuchezeka kapena pali vuto?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. Ndimalera ana pamalo ena osungirako ana amasiye, m'chipinda changa muli ana 11 osakwana zaka zitatu. Pali kamnyamata ka chaka ndi miyezi 8 kamene kakundisowetsa tulo. Kukabwera alendo kamathamanga n'kukakamira mwendo wa aliyense, ngakhale dalaivala woti sikanamuonepo. Alendo amati, "Koma mwana uyu ndi wochezeka!" Koma dzana kanagwa pakhonde, bondo magazi chuchuchu, osalira, osayang'ana munthu. Kanangokhala pansi n'kumadzigwedeza. Mtima unandiwawa.

Pano atipatsa fomu yoti tilembe munthu amene mwana aliyense amamudalira. Olera tilipo anayi, timasinthana usana ndi usiku. Ndilembe ndani? Amene munaphunzira za ana, ndithandizeni chonde.

Mayi wophunzitsa za kakulidwe ka ana:
Pepani mayi. Njira yotchuka yoyezera zimenezi ndi ya Mary Ainsworth, amaitcha Strange Situation. Kwa mphindi pafupifupi 20, mayi amatuluka m'chipinda n'kubwerera, mlendo n'kulowa. Chachikulu si kulira kwa mwana mayi akatuluka ayi, koma zimene achite mayiyo akabwerera: kodi amuthamangira n'kutonthola? Ainsworth anayamba kuona zimenezi ku Uganda mu 1954, m'midzi ya pafupi ndi Kampala, koma njirayo anakaikonzera ku Baltimore, ku America. Akatswiri ena atakaiyesa ku Sapporo ku Japan, ana ambiri analira mosatonthozeka chifukwa sanazolowere kusiyidwa okha, moti ena anachita kuwadulira panjira. Ndiye ngati fomu yanuyo ndi yochokera kunja, musaimeze yonse. Kwathu kuno mwana amaberekedwa ndi agogo, azakhali, achemwali, kukhala ndi anthu angapo si cholakwika. Komabe akapsa ndi phala, amadziwa msana wothawirako. Wanuyo ndi pamenepo pakundidetsa nkhawa.

Bambo wina wa zaumoyo:
Ndiwonjezere. Ku Bucharest, Romania, kuyambira chaka cha 2000 anatsatira ana 136 okulira m'malo otere. Ena anapezeka kuti alibiretu munthu womudalira, ndipo kuthamangira mlendo aliyense kunali kofala. Amene anapita m'mabanja asanakwane zaka ziwiri anasintha bwino kuposa ochedwa. Wanuyo nthawi ikadalipo. Pafomupo musapeke dzina, lembani zimene mwaona: akadwala, akadzidzimuka usiku, amapita kwa ndani? Muwauzenso a zachisamaliro cha anthu a m'boma lanu, mwina kuli achibale.

Agogo ena:
Mwana wanga, pempha kuti kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwagoneka, ana atatu kapena anayi azikhala ako okha. Ameneyo uzimubereka ndithu.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Pafomu ndalemba kuti "palibe", dzanja likunjenjemera. Ndapempha akuluakulu kuti kamnyamatako ndizikagoneka ndine sabata yonse ya usiku, avomera. Funso lina: ndikapita ku holide mu Disembala, ndikakonzekeretse bwanji kuti kasaone ngati nanenso ndakathawa?