Ndithandizeni kuphika polenta ya ku Morgex

Abale amene munakhalako kumapiri a ku Italy, ndithandizeni chonde. Mwezi watha ndinali kokolola mphesa ku Morgex, m'chigwa cha Aosta, munsi mwa phiri la Mont Blanc. Mphesa zake za Prié Blanc amaziyanga pa timathandala tatifupi chifukwa cha kuzizira, moti tinkathyola chogwada, mawondo ali m'miyala. Vinyo wake ndi woyera, wowawasira pang'ono.

Madzulo agogo a pakhomopo anatiphikira polenta, nsima ya chimanga chachikasu, atasungunuliramo tchizi cha Fontina ndi batala. Kukoma kwakeko sindikuiwala. Ndayesa kawiri ndekha, ikungouma ngati mkute.

Kodi madzi ndi ufa mumayeza bwanji? Tchizicho mumathira poto ali pamoto kapena mutaphula? Nanga ndi mgaiwa wathuwu zingatheke?