Ndiyambe ndi helikopita ya rimoti yamtundu wanji?

Kondwani, Lilongwe:

Moni nonse. Ndikufuna kuyamba kuulutsa helikopita zoyendera rimoti, ndipo achimwene anga amene akubwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wamawa avomera kundigulira imodzi. Mtima wanga uli pa Align T-Rex 470, chifukwa ndimaiona m'mavidiyo ikuuluka chagada, koma chibadwire sindinagwirepo rimoti ya ndege iliyonse. Kodi ndigule yaikuluyo kamodzi n'kamodzi kuti ndisawononge ndalama kawiri, kapena ndiyambe ndi yaing'ono? Poulutsira ndili napo, pa bwalo la mpira la pafupi ndi kwathu.

Bambo Mbewe, Johannesburg:

A Kondwani, T-Rex ndi makina abwino zedi, koma si oyambira. Ili m'gulu la collective pitch, kutanthauza kuti mapiko ake amasintha kapendekedwe uku akuzungulira mwaliwiro, ndipo n'chifukwa chake imatha kuuluka chagada. Zimenezi zimafuna rimoti ya machanelo asanu ndi imodzi (chanelo ndi njira imodzi yotumizira lamulo ku helikopita) komanso zala zozolowera, pakuti mukangochedwa pang'ono kuwongola, imamenya pansi. Ikagwa, mapiko amathyoka, shafiti imapindika, giya yaikulu imaguluka mano, ndipo nthawi zina mchira nawonso umakhota. Mapiko a helikopita yamsinkhu umenewo angathenso kuvulaza munthu kwambiri, ndiye ndikamva za bwalo la mpira ndimaganizira ana amene adzakuunjikirani mota ikangolira.

Kupatula gulu limeneli, pali zosavutirapo za fixed pitch, zimene zimakwera kapena kutsika malinga ndi liwiro la mota basi, monga WLtoys V911 ya machanelo anayi. Palinso za coaxial, zokhala ndi mapiko osanjikizana ozungulira mosemphana, monga Syma S107G, zimene zimakhazikika zokha m'malere. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi ya machanelo anayi, ndipo musanasankhe, fufuzani kaye ngati masipeya ake akupezeka mosavuta. Kumudzi ku Malawiko n'kovuta kupeza sitolo ya zinthu zimenezi, choncho achimwene anuwo abwere ndi mapiko angapo, mota ya kumchira ndi miyendo yotererapo pa ulendo womwewo, apo ayi helikopita idzakhala pa kabati miyezi yambiri chifukwa cha kachitsulo kamodzi.

Mayi Chirwa, Blantyre:

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa nkhani ya masipeya, koma ndikusiyana nawo pang'ono pa mtundu woyambira. Za coaxial musazilabadire n'komwe ngati cholinga chanu ndi kuulutsa panja. S107G imalandira uthenga kudzera mu infrared (kuwala kosaoneka ndi maso, ngati kwa rimoti ya TV), umene umasokonezeka padzuwa, ndipo kamphepo kochepa kokha kamaiulutsira padenga la aneba. Ngakhale za fixed pitch zazing'ono zimavutika mu June ndi July mwera ukamawomba.

Popeza mwanena poyera kuti mtima wanu uli pa kuuluka chagada, ine ndingasankhe collective pitch yaing'ono ngati XK K110 kapena OMPHobby M1. Zonse ziwirizi zili ndi batani loti helikopita izidziwongola yokha mukasiya timitengo ta pa rimoti, ndipo mukakhwima mumalizimitsa n'kumaiyendetsa nokha. Chifukwa choti n'zopepuka, K110 ikagwera pa kapinga nthawi zambiri mumangoitola, kuipukuta, n'kuyambiranso, bola mukhale mutazimitsa mota isanafike pansi. Chizolowezi chozimitsa mota msanga ndi chimene chimapulumutsa magiya. Koma musanaidzutse pansi, phunzirani pa kompyuta ndi pulogalamu yoyeserera ngati RealFlight kapena Heli-X. Chovuta kwambiri kwa wophunzira ndi pamene mphuno ya helikopita yakupenyani, chifukwa kumanzere kwake kumakhala kumanja kwanu, ndipo ndi bwino kusokonezekera pa kompyuta pomwe kugwa sikulipiritsa.

Kondwani, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndamva ndipo T-Rex ndiyamba ndaisiya. Nanga mabatire ndigule angati, poti magetsi amathimathima kwathu kuno?

Bambo Mbewe, Johannesburg:

Batire limodzi la LiPo, umene ndi mtundu wa mabatire otchaja a helikopita zimenezi, limangokupatsani mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye gulani anayi kapena asanu kuti ulendo wa ku bwalo ukhale waphindu. Selo iliyonse, kutanthauza kachigawo kosunga mphamvu m'batiremo, imadzaza pa mavoti 4.2, ndipo mukafuna kusunga batire masiku angapo osaligwiritsa ntchito, lisiyeni pa mavoti pafupifupi 3.8, osati lodzaza kapena lotheratu. Musalitchaje mukupita kogona, musalisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa la October, ndipo likatupa musaligwiritsenso ntchito chifukwa limatha kuyaka moto. Pa nkhani ya magetsi, timabatire ta selo imodzi timatchajidwa pa USB, choncho power bank imakwanira, pamene machaja aakulu ambiri amalola kulumikizidwa ku batire la galimoto la mavoti 12.

Posankha m'sitolo, achimwene anu awerenge bwino pa bokosi. Ikalembedwa RTF ndiye kuti rimoti ili momwemo, koma ikalembedwa BNF rimoti mugula padera, ndipo iyenera kugwirizana ndi helikopitayo. Apemphe ya Mode 2, imene mphamvu ya mota ili ku kamtengo ka kumanzere, popeza maphunziro ambiri a pa intaneti amatsata imeneyo. Ngati abwera pa ndege, mabatire apadera awaike m'chikwama cha m'manja, chifukwa saloledwa m'katundu wopita pansi pa ndege.