Make yandifufutira fayilo yomwe ndinalemba pamanja, nditani kuti isachitenso?

kadzidzi_usiku

Akuluakulu, thandizeni, mutu waima. Ndikupanga pulojekiti ya chaka chomaliza, ka compiler kakang'ono mu C. Mu foda muli mafayilo awiri a dzina limodzi: mawu.l momwe muli za flex (mtundu wina wa lex, pulogalamu yomwe imatulutsa code ya C yodula mawu m'zidutswa), ndi mawu.c momwe ndinalemba ndekha ma function osunga mayina a ma variable. Mu Makefile (fayilo youza pulogalamu ya make momwe ipangire mafayilo ena kuchokera ku ena) ndinalemba lamulo lopanga lex.yy.c, yomwe flex imatulutsa, kuchokera ku mawu.l. Za mawu.c sindinalembe kanthu, ndinangoika mawu.o pa mndandanda.

Milungu iwiri zinthu zakhala zikuyenda. Usiku wathawu cha m'ma 1 koloko ndinakonza mzere umodzi mu mawu.l, ndikulemba make, ndipo ndinaona mzere uwu ukudutsa:

`lex -t mawu.l > mawu.c`

Ine sindinalembe chimenechi paliponse. Nditatsegula mawu.c ndinapeza mizere yambirimbiri ya flex, ntchito yanga palibe. Commit yomaliza ndinapanga Lachiwiri, ndiye zamasiku awiri zapita. Kulira ndalira kale. Funso langa ndi loti lamuloli lachokera kuti, ndipo ndilitseka bwanji?

mlonda_wa_seva

Pepani achimwene, imeneyo imawawa. Make siinapenge, yangochita zomwe inabadwa nazo. GNU Make imakhala ndi malamulo ake m'kati, ndipo ikasowa lamulo lanu imagwiritsa ntchito amenewo. Kuti muwaone onse lembani:

`make -p -f /dev/null`

M'menemo mupeza lina loti `%.c: %.l`. Make itaona kuti mawu.o ikufuna mawu.c, inadzifunsanso ngati mawu.c nayo ingapangidwe kuchokera ku china chake. Inapeza mawu.l. Masiku onsewa mawu.c ndi imene inali yatsopano, ndiye inkangoisiya. Mutangokhudza mawu.l dzulo, nthawi zinatembenuka, make n'kuganiza kuti mawu.c ndi yakale. Choipa kwambiri, lamulo limenelo limayamba ndi kufufuta fayiloyo mwakachetechete, mzere wa rm suoneka n'komwe. Ngakhale lex ikanakhala kuti mulibe mu kompyuta yanu, fayilo ikanapitabe.

Pamwamba pa Makefile ikani izi:

`MAKEFLAGS += --no-builtin-rules`
`.SUFFIXES:`

Woyambawo ndi chimodzimodzi kulemba make -r nthawi zonse. Wachiwiriwo, wopanda kanthu kutsogolo kwake, umapukuta mndandanda wa mathero a mafayilo monga .c, .o, .l ndi .y. Kenako muyenera kulemba nokha lamulo la `%.o: %.c`, chifukwa nalonso linali la make, si lanu. Musaiwale TAB pa mzere wa gcc. Ndipo sinthani dzina la fayilo imodziyo basi, ikhale mayina.c kapena china.

kadzidzi_usiku

Zikomo akulu. Ndayesa, yandiuza kuti "No rule to make target" pa mawu.o, ndalemba lamulo lija, tsopano ikuyenda. Koma bwanji mizere iwiri? Umodzi sukwana? Komanso ndaona kuti pali -R wamkulu, ndiwonjezere?

nsima_ndi_fortran

Ndilowererepo pa la mizere iwiri, chifukwa ine linandidyera sabata yathunthu.

`.SUFFIXES:` payokha sichotsa zonse. Imachotsa malamulo odalira mathero a dzina, koma pamatsala ena akalekale a RCS ndi SCCS (mapulogalamu osunga mbiri ya mafayilo git isanabwere), monga `%:: %,v` ndi `%:: s.%`. Lembani make -d pa pulojekiti yanu muone momwe make imafufuzira RCS/Makefile,v ndi SCCS/s.Makefile, zinthu zoti ambirife sitinazigwirepo chibadwire. Zimenezo zimachoka ndi -r.

Ndiye bwanji osangoika -r yokha? Chifukwa kuika -r mu MAKEFLAGS m'kati mwa Makefile kunayamba kugwira ntchito bwino ndi GNU Make 4.0, ya 2013. Makompyuta a Apple amabwerabe ndi 3.81 ya 2006. Mnzanga wina yemwe timagwira naye ntchito ali ndi MacBook, Makefile yomweyo kwa ine imayenda, kwa iye ikukana, tinatsala pang'ono kuyambana. Pa make yakaleyo `.SUFFIXES:` ndi imene imakupulumutsani. Lembani make --version musanakhulupirire chilichonse.

Yanga inali yoseketsa. Ndimalemba Fortran, ndipo compiler yake, gfortran, imatulutsa mafayilo othera ndi .mod. Make ikaona .mod imaganiza kuti ndi Modula-2, chilankhulo china cha mapulogalamu, ndiye imaitana m2c, pulogalamu yomwe sindinaionepo ndi maso anga. Ndinakhala ndikufunafuna m'Makefile yanga mawu oti m2c ngati munthu wotaya singano mu udzu. Nthawi imeneyo sindinatseke zonse, ndinangopha lamulo limodzilo polilemba lopanda mzere wochita pansi pake:

`%.o: %.mod`

Inunso mukanatha kulemba `%.c: %.l` chomwecho, n'kusiya ena onse ali moyo.

mlonda_wa_seva

A nsima_ndi_fortran anena zoona, ngakhale ine kupha limodzilimodzi sindikukonda. Umapha lomwe lakuluma kale, lomwe silinakulume umalidziwa bwanji? Pali lina la `.sh` lomwe limakopera fayilo yanu n'kuipatsa dzina lopanda mathero. Pali la yacc (pulogalamu yopanga parser) lomwe limachita ndendende zomwe zakuchitikirani, kungoti ndi .y, ndipo inu muli pa compiler, posachedwa mufika pamenepo.

Za -R, musathamange. Ameneyo amachotsanso ma variable omwe make imabwera nawo, CC, CXX, AR, RM ndi ena. Makefile ya Linux kernel imagwiritsa ntchito -rR, koma iwo amalemba chilichonse okha. Inuyo ngati muli ndi `$(RM) *.o` pa clean, RM ikakhala yopanda kanthu shell iyesa kuyendetsa fayilo ya .o yoyamba ngati pulogalamu. Mukafuna -R, yambani mwalemba `CC := gcc` ndi `RM := rm -f`.

Chinanso, MAKEFLAGS imatsikira kwa ana. Ngati Makefile yanu imaitana `$(MAKE) -C` mu foda ya library ya munthu wina, -r ipita nawo. Makefile yakeyo ikakhala yodalira malamulo a make, igwa, ndipo mudzaganiza kuti library ndi yowonongeka.

kadzidzi_usiku

Library ya wina ndilibe, ndiye pamenepo ndapulumuka. Version yanga ndi 4.3, koma aphunzitsi otiyang'anira amayendera MacBook, choncho mizere yonse iwiri ikhala. -R ndamusiya kaye. Fayilo ndaitcha mayina.c, ndabweza ya Lachiwiri ndi git restore, ndipo ma function atatu ndawalembanso kale kuchokera m'mutu. Latsala limodzi la hash table lomwe sindikukumbuka kuti ndinalikonza bwanji kuti lisiye kugwa. Parser yanga ndinali nditaitcha kale galamala.y, ndipo pambali pake panali galamala.c.